Lipoti la galu amene anaswa ana 8 m'chisanu ku Bembeke

Lipotili ndalembera anzanga ogwira ntchito ya zaziweto kuno kumtunda kwa Dedza ndi Ntcheu, komanso aliyense amene galu wake waswa m'miyezi yozizira. Ndi nkhani ya galu wamkazi wachikuda wa pakhomo lina kufupi ndi Bembeke, yemwe anaswa ana 8 kumayambiriro kwa June. Awiri anafa m'masiku awiri oyamba, 6 anakula bwino mpaka kuleka kuyamwa, ndipo make anatsala pang'ono kuphedwa pa tsiku la 19 anthu atamuganizira chiwewe. Mankhwala amene analowa pa nkhani yonseyi ndi ochepa: a njoka za m'mimba, a nthata, jakisoni mmodzi wa kashiamu (mchere wa m'thupi umene umalimbitsa mafupa) ndi katemera. Ntchito yaikulu inali yolimbana ndi kuzizira komanso njala ya make, ndipo imeneyo anaigwira ndi eni pakhomo.

Mmene ndinawapezera

Galuyu dzina lake ndi Tilipo, wa zaka pafupifupi zitatu. Nditamuyeza ankalemera makilogalamu 13, nthiti zonse zikuwerengeka. Ntchito yake ndi kulondera pakhomo ndi kupirikitsa anyani kumunda. Chakudya chake chinali phala la madeya kamodzi patsiku, kuwonjezapo mkute ukatsala. Mankhwala a njoka anali asanamwepo chibadwire, koma katemera wa chiwewe anabayidwa chaka chatha, ndipo mwini wake, mayi wachikulire amene akulera adzukulu, anasunga kapepala kake m'buku la nyimbo.

Ili linali bere lachiwiri. Loyamba linali la chaka chatha nyengo ngati yomweyi, ndipo ana onse anafa sabata isanathe. N'chifukwa chake nditangofika mayiwo anandilandira ndi mawu akuti, "Adokotala, mwavutika chabe. Galuyu ndi wogonera ana."

Anaswera pansi pa nkhokwe, m'kadzenje kamene anakumba yekha. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, ndiye amene wakweredwa mu April amaswa mu June, nthawi imene kuno usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mphepo ya ku Bembeke aliyense wogona kumeneko amaidziwa. Kunsi kwa mapiri, ku Mtakataka kapena ku Golomoti, kadzenje ka pansi pa nkhokwe kangathe kulera ana. Kuno sikangathe.

Ndinafika m'mawa wa tsiku lachiwiri. Kamodzi kanali katafa kale usiku woyamba. Tisanu tinali titaunjikana pamimba pa make, mimba zokhuta, tikuyamwa mwamphamvu. Tiwiri tinali pambali, chakukhomo kwa dzenje kumene kumalowera mphepo. Nditatinyamula tinali tozizira m'manja, tolobodoka, ndipo nditaika chala m'kamwa sitinayamwe. Kamodzi, kakakazi kakuda, kankalemera magalamu 230, thupi lake lili pa madigiri 33. Kena ka magalamu 250 kanali katazizira kwambiri moti choyezera sichinathe kuwerenga. Tisanu tamphamvu tija tinali pakati pa magalamu 300 ndi 355. Make analibe malungo, mawere ake anali ofewa, mkaka ukutuluka, ndipo zotuluka kumaliseche zinali zakuda mobiriwira, zosanunkha, zomwe ndi zachibadwa kwa galu amene wangoswa kumene.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya "kugonera ana." Kagalu kongobadwa sikatha kudzitenthetsa. Kali ndi mafuta ochepa kwambiri pansi pa khungu, ndipo masiku oyambirira sikathanso kunjenjemera kuti kapange kutentha. Sabata yoyamba thupi lake limakhala pa madigiri 35 mpaka 37, pamene galu wamkulu amakhala pa 38 mpaka 39, ndipo pamalo pamene kagona pamafunika kufunda kwa madigiri 29 mpaka 32. Kakangotsika pansi pa 34 kamasiya kuyamwa, matumbo amaima, shuga m'magazi amatha. Make akaona kamwana kozizira kosatakataka, amaleka kukasamala, nthawi zina amakakankhira pambali ndi mphuno. M'mawa anthu amapeza kakufa pansi pa mwendo wake n'kunena kuti wakagonera. Ine ndikukhulupirira kuti ana a chaka chatha aja anaphedwa ndi chisanu cha pansi pa nkhokwe yomweyi, ndipo ndinawauza mayiwo choncho.

Kutenthetsa

Mayiwo anathamangira kukatenga mkaka ndi supuni. Ndinawaletsa. Kagalu kozizira sikamwetsedwa, chifukwa mkaka umangokhala m'mimba osagayika, kapena umabwerera n'kulowa m'mapapo. Choyamba ndi kutentha, ndipo kuyenera kubwera pang'onopang'ono, kwa ola limodzi mpaka atatu. Kukayandikitsa pamoto kumawotcha khungu m'kati mukadali mozizira.

Mdzukulu wawo, mtsikana wa Sitandade 7, ndiye anatithandiza. Tinaika tiwiri tija m'kati mwa juzi yake, pakhungu penipeni, n'kumumanga chitenje pachifuwa, monga amachitira amayi kuchipatala ndi ana obadwa masiku asanakwane. Anakhala pakhonde poothera dzuwa. Patapita maola awiri, kakuda kaja kanayamba kulira ndi kufunafuna bere m'khwapa mwake. Thupi lake linali litafika pa 35.5. Ndinakapaka timadontho ta madzi a shuga pa nkhama, kenako tinachotsa kaye tikulutikulu tija n'kukaika pa bere la kumbuyo, chifukwa mawere a kumbuyo ndiwo amakhala ndi mkaka wambiri. Kanagwira. Kanzake sikanadzuke, kanafa madzulo a tsiku lomwelo.

Chimene chinandidetsa nkhawa pa kakudako ndi mkaka woyamba. Mkaka umenewu ndi umene umapatsa kagalu chitetezo cha make ku matenda, koma matumbo amaulandira bwino m'maola 12 mpaka 24 oyamba okha. Kakudako mwina kanaupeza pang'ono chabe. Choncho ndinapaka ayodini pa michombo ya tonse, ndipo ndinapempha kuti alendo obwera kudzaona tiagalu asamatigwire, makamaka amene kwawo kuli agalu odwala.

Pogona patsopano tinakonza pakona ya khitchini, kutali ndi mafuwa. Tinatenga katoni yaikulu, pansi tinayala thumba lodzaza makoko a chimanga ouma, pamwamba bulangete lakale. Mbali imodzi tinaika mabotolo awiri a pulasitiki a madzi ofunda okulunga m'nsanza, mbali inayo osaika kanthu, kuti kamene katenthedwa kathe kukwawira kozizirirako. Njerwa yotenthetsa pamoto n'kuikulunga bwino imagwiranso ntchito, ndipo imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa botolo. Mbaula m'chipinda chotseka ndinakaniza, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete, galu ndi munthu yemwe. Kuzungulira katoni tinathira phulusa poopa linthumbu, ndipo chitseko chinkatsekedwa chifukwa nkhumba zoyendayenda zimadya tiagalu.

Tilipo sanagwirizane nazo msanga. Usiku womwewo anatutira ana ake kubwerera pansi pa nkhokwe, kamodzikamodzi, kukamwa. Amalume a mtsikana uja anatseka dzenjelo ndi njerwa, n'kutenga tinsanza tonunkha fungo la kudzenjeko kuika m'katoni. Kuyambira pamenepo anakhazikika.

Choyezera kutentha pakhomopo panalibe, ndiye ndinawaphunzitsa kuwerenga tiagalu tomweto. Tikaunjikana pamwambamwamba tikulira, tazizidwa. Tikamwazikana kumakona, pakamwa yasa, tatenthedwa. Tikagona togundana pang'ono, chete, miyendo ikuchita ngati ikudzidzimuka, zili bwino. Kudzidzimukako mayi aja ankakuyesa matenda, koma ndi tulo tabwino ta kagalu kathanzi.

Sikelo ndi kope

Kagalu kamene kakubwerera m'mbuyo maso sangakaone msanga, koma sikelo imakaona. Tinabwereka sikelo yaing'ono kwa mayi wina wogulitsa nyemba, ndipo mtsikana uja anang'amba masamba a kumapeto kwa kope lake lakale n'kulemba mizere 6, kagalu kalikonse ndi mtundu wake: kakuda, kofiira, kamawanga, ka mchira woyera, ndi tina tiwiri totuwa tomwe anatisiyanitsa ndi kadontho ka utoto wa zikhadabo. Ankayeza m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Lamulo ndinamupatsa losavuta: kagalu kayenera kuwonjezera magalamu 5 mpaka 10 pa magalamu 100 aliwonse tsiku lililonse, ndipo pofika tsiku la 10 kakhale katalemera kawiri kulemera kwake kobadwa nako. Kakangoima masiku awiri otsatizana, andiimbire.

Tisanu tija tinayenda bwino. Kakuda kanaima pa magalamu 235 pa tsiku lachitatu ndi lachinayi, chifukwa anzake ankakachotsa pa bere. Tinachita ziwiri. Katatu patsiku ankachotsa tikulutikulu kwa mphindi 15 kuti kayamwe kokha, ndipo tinayamba kukawonjezera mkaka wapadera.

Mkaka wa ng'ombe pawokha sukwanira. Wa galu uli ndi mafuta ndi zomanga thupi zoposa kawiri za mu mkaka wa ng'ombe, pamene wa ng'ombe uli ndi shuga wambiri amene amatsegula tiagalu m'mimba. Wa mbuzi nawonso ndi wopyapyala chimodzimodzi. Mkaka wa ufa wopangira tiagalu ndi umene uli wabwino, koma kumudzi kuno supezeka ndipo ndi wodula. Tinapanga wathu wongothandizira: kapu imodzi (mamililita 250) ya mkaka wa ng'ombe wowiritsa n'kuzizira, zachikasu za mazira awiri popanda zoyerazo, ndi supuni ya tiyi imodzi ya mafuta ophikira. Ufa woyeretsa tiyi ndi mkaka wa m'chitini wotsekemera ndinawaletseratu. Mkakawo ankaufunditsa n'kuuyesa pamkono, ndipo wotsala sunkagona.

Kamwetsedwe kake n'kofunika kuposa mkaka womwewo. Mimba ya kagalu imalandira mamililita pafupifupi 4 pa magalamu 100 aliwonse, ndiye kakudako kankamwa mamililita 8 kapena 9 nthawi imodzi, ndi sirinji yopanda singano. Kagone chamimba, mutu utatukuka pang'ono, osati chagada ngati khanda la munthu. Dontho ligwere pa lilime, kameze, kenako lina. Mkaka ukangotulukira m'mphuno, imani. Tsiku loyamba ndinagwira dzanja la mtsikanayo kuti amve kupepuka kwa chala chofunika pokankha sirinji, chifukwa ambiri amafulumira poona kagalu kali ndi njala. Akatha, ankakabwezera kwa make kuti akanyambite kumimba ndi kumbuyo. Mpaka masabata atatu kagalu sikakodza kapena kuchita chimbudzi pakokha popanda kunyambitidwa. Pamene make palibe, munthu amasisita pamalopo ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda.

Pofika tsiku la 10, tikulutikulu tinali pakati pa magalamu 620 ndi 730. Kakuda kanali pa 410, kotsalira koma kokwera tsiku ndi tsiku.

Mbale ya make

Galu woyamwitsa amafuna chakudya chowirikiza kawiri mpaka katatu chimene amadya nthawi zonse, ndipo pachimake ndi sabata yachitatu ndi yachinayi. Phala la madeya lokha silingapange mkaka wa ana 6. Tinagwirizana kuti azidya katatu patsiku, phala la mgaiwa lothira usipa kapena bonya wosinja ndi minga yake yomwe, nsinjiro pang'ono, dzira lophika likapezeka, komanso madzi akumwa azikhala pafupi ndi katoni nthawi zonse. Mayiwo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye galu azidya bwino kuposa ife, adokotala?" Funsoli silopusa. Pakhomo pamene usipa wa pamulu umodzi ndi ndiwo za anthu asanu, kupatsako galu ndi nsembe ndithu. Ndinawayankha kuti ndi za masabata 6 okha, ndipo mitu ndi zinyenyeswa za pansi pa dengu zimene ogulitsa amatsitsa mtengo n'zokwanira. Masabata awiri oyamba anakwanitsa.

Sabata yachiwiri

Michombo inali itagwa kale pofika tsiku lachinayi, yonse youma bwino. Maso anayamba kutseguka pa tsiku la 11, ndipo pofika la 13 tisanu tinali titapenya. Kakuda kanapenya pa tsiku la 15. Ana a pakhomopo ndinawachenjeza kuti asakanule zikope ndi zala. Makutu anatseguka masiku ochepa pambuyo pake.

Pa tsiku la 14 ndinamwetsa tonse mankhwala a njoka a pyrantel, mamiligalamu 5 pa kilogalamu, aliyense molingana ndi nambala ya m'kope, ndipo make naye anamwa. Anthu amadabwa kuti kagalu kamene sikanalawepo dothi kangakhale bwanji ndi njoka. Njoka zozungulira za Toxocara canis zimalowa m'kagalu kakadali m'mimba mwa make, ndipo zina zoyamwa magazi zimadzera mu mkaka. M'mawa mwake mtsikana uja anapeza njoka zoyera zazitali ngati chala m'chimbudzi cha tiwiri. Mankhwalawa tinabwereza pa masabata 4, 6 ndi 8. Mazira a njokazi amadwalitsanso ana a anthu amene amasewera padothi, choncho chimbudzi cha agalu chinkakwiriridwa kapena kutayidwa m'chimbudzi, ndipo ana ankasamba m'manja ndi sopo akagwira tiagalu.

Nthata zinalipo zambiri, ndipo nthata zimatha kumaliza magazi a kagalu mpaka nkhama kuyera. Amalume aja anabwera ndi dibi wa ng'ombe wotsala m'botolo. Ameneyu pa kagalu ka masabata awiri ndi poizoni, chimodzimodzinso jakisoni wa ivermectin wa ng'ombe amene ena amangobaya mongoyerekeza. Tinagwiritsa ntchito mankhwala a nthata opopera a fipronil, omwe ndi ololedwa pa tiagalu tating'ono, pouthira pa nsalu n'kupukuta nayo, masana dzuwa lili pamutu kuti tiume msanga. Makoko akale tinawotcha n'kuika atsopano.

Tsiku la 19

Foni inalira chakumasana. Anali mtsikana uja, akulira. "Adokotala, Tilipo wapenga. Akutuluka dovu, akunjenjemera. Anyamata abwera ndi zibonga, akuti ndi chiwewe." Ndinapempha kuyankhula ndi amalume ake. Ndinati, "Bambo, mutsekereni m'khitchini momwemo, munthu asamuyandikire, koma musamuphe ndisanafike." Iwo anakoka katoni ya tiagalu ndi mpini wa khasu ali pakhomo, n'kutseka chitseko.

Anthuwo sanalakwe kuchita mantha. Chiwewe chikangoyamba kuonekera, pa galu kapena pa munthu, sichichizika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse ali ana, ndipo pafupifupi onse amachitenga polumidwa ndi galu. Aliyense wa ntchito yathu amene angayandikire galu wotuluka dovu mosasamala akuseweretsa moyo wake. Ndiye ndisanatsegule chitseko ndinafunsa. Waluma munthu? Ayi. Analumidwapo ndi galu wachilendo kapena nkhandwe miyezi yapitayi? Palibe anaona. Masiku apitawa anasintha khalidwe, kuluma mitengo, kusintha mawu pouwa? Ayi, m'mawa womwewo anadya phala lake n'kumwa madzi. Zinayamba ndi kusakhazikika, kuliralira, kukana ana, kenako kuyenda mouma miyendo, mpaka kugwa, zonsezi m'maola atatu okha. Mayi aja anatulutsa kapepala ka katemera.

Ndinasuzumira pawindo. Anali atagona chammbali, miyendo itaongoka gwa, minofu ikugwedezeka thupi lonse, akupuma wefuwefu. Mayiwo atamuitana dzina, anatembenuza maso ndipo nsonga ya mchira inagwedera. Chibwano sichinali cholendewera. Ndinavala magolovesi, n'kumumanga pakamwa ndi kansalu kwa nthawi yobaya yokha. Kutentha kwa thupi kunali 41.1. Ndinaganizanso za tameki, poti agalu ambiri kuno amafa naye, koma wodya tameki amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo timwana ta maso timachepa kwambiri. Ta Tilipo tinali totambasuka, ndipo sanasanze.

Galu wowonda, woyamwitsa ana ambiri, sabata yachitatu, kuuma ndi kunjenjemera kobwera mwadzidzidzi, thupi lotentha: chimenechi ndi chithunzi cha kutha kwa kashiamu m'magazi, matenda amene m'mabuku amatchedwa eclampsia. Amakonda kugwira pakati pa sabata yoyamba ndi yachinayi galu ataswa, ndipo akapanda kuthandizidwa amapha tsiku lomwelo. Ndinabaya kashiamu wotchedwa calcium gluconate wa 10 peresenti, mamililita 10, mu mtsempha wa mwendo wakutsogolo, pang'onopang'ono kwa mphindi 15, ndikumvetsera mtima nthawi yonseyo. Mlingo wake ndi mamililita 0.5 mpaka 1.5 pa kilogalamu, ndipo kufulumiza kumaimitsa mtima. Anzanga amene m'chikwama mwanu muli kashiamu wa ng'ombe yekha, kumbukirani kuti ameneyo ndi wamphamvu kwambiri kuposa uyu. Tinamuyala nsalu zonyowa kumimba ndi m'mapazi. Mphindi 20 zisanathe kunjenjemera kunachepa, ndipo ola lisanakwane anadzuka, dzandidzandi, n'kupita pa mbale ya madzi. Anyamata aja anali akadali panja. Mmodzi anati, "Wachiwewe samwa madzi chonchi," ndipo anayamba kubalalika.

Ngakhale zinatero, ndinalamula kuti akhale womangidwa pakhomo masiku 10 tikumuyang'anira, chifukwa galu amene ali ndi chiwewe m'malovu sadutsa masiku amenewa osaonekera poyera. Ndinafunsanso ngati pali amene dovu linamugwera pachilonda, panalibe. Akanakhalapo, akanatsuka ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Amalume aja ndinawauzanso kuti ngakhale galu atakhala wachiwewe ndithu, kumuphwanya mutu kumawononga ubongo umene timatumiza ku labotale ya zaziweto ku Lilongwe, komanso kumamwazira anthu malovu ndi magazi.

Gwero lake linapezeka pokambirana. Usipa unali utatha masiku asanu m'mbuyomo, ndalama inapita ku mbewu ya kachewere ya kudimba, ndipo Tilipo anabwerera pa madeya. M'madeya kashiamu ndi wochepa kwambiri. Tsiku limenelo tiagalu tonse pamodzi tinkalemera pafupifupi makilogalamu 7, kuposa theka la make, ndipo zonsezo zinkachokera m'thupi mwake. M'kope munaonekanso kuti masiku atatu omaliza kukwera kwa tonse kunali kutachepa. Sikelo ya ana inali ikunena za make.

Tiagalu tinakhala maola 24 osayamwa, tikumwa mkaka wosakaniza uja. Kenako tinkayamwa kawiri kapena katatu patsiku kwa nthawi yochepa, usiku tikugona patokha ndi mabotolo. Make ankalandira zikamba za mazira zowiritsa, zouma, zosinja mpaka kukhala ufa, theka la supuni ya tiyi patsiku logawa kawiri m'chakudya, ndipo usipa unabwerera. Pano ndichenjeze: kashiamu wowonjezera ndi wa galu woyamwitsa. Kumupatsa akadali ndi bere kumafooketsa njira imene thupi limatulutsira kashiamu m'mafupa, ndipo matendawa amabwera mosavuta. Sanadwalenso.

Kuletsa kuyamwa

Chifukwa cha zimenezi, phala tinayamba pa tsiku la 21, mano atayamba kutuluka. Linali la mgaiwa, lopyapyala, lothira mkaka, dzira lophika lonyenya ndi usipa wosinja wosefa, popanda mchere, tsabola kapena anyezi, poti anyezi amawononga magazi a galu. Ankathira pa chivindikiro cha poto, kanayi patsiku. Masiku oyamba tinkapondamo kuposa kudya, ndipo make ankamaliza zotsala pamodzi ndi zimene zinamatirira pa ana. Kakuda kankadyera pambale yake. Phalalo linkalimba sabata ndi sabata, ndipo pofika masabata 6 mkaka wa make unali wongotsukira m'kamwa.

Sabata yachinayi inabwera ndi mkangano wina. Titatu tatimuna tinali titalankhulidwa kale, aliyense wolonjeza nkhuku, ndipo eni ake anayamba kufika. "Kayamba kudya, tikatenge," ankatero. Kuno kagalu kamachoka pa make kakangolawa phala, ndipo timeneti ndi timene timafa ndi kutsegula m'mimba sabata yoyamba kunyumba yatsopano. Palinso china. Kuyambira masabata atatu mpaka 12 ndi nthawi imene kagalu kamaphunzira kukhala ndi agalu anzake komanso anthu. Kakaluma mnzake mopweteka, mnzakeyo amalira n'kusiya kusewera. Kakaluma make, amakadzudzula. Kochotsedwa msanga sikaphunzira malire a mano ake, ndipo kakakula ndi kamene kamaluma ana a pakhomo pomwe. Mayi aja anaimirira nji pa mawu anga. Ndinawamva akuuza mmodzi kuti, "Achimwene, nkhuku yanuyo isungeni, galu atuluka pano akakwana miyezi iwiri."

Za kudula michira ndi kudyetsa tsabola kuti tikule taukali ndinakana, ndipo sizinachitike. Mchira wodulidwa ndi mpeni pa chitsa ndi chilonda chabe, ndipo galu wolera ndi nkhanza amakula wamantha, woluma mwachisawawa. M'malo mwake ana a pakhomopo ankatinyamula tsiku lililonse modekha, ndipo masana tinkatulutsidwa padzuwa pabwalo, pakati pa nkhuku ndi mbuzi, kuti tizolowere kusazithamangitsa.

Katemera ndi zotsatira

Matenda amene amasesa tiagalu tikangosiya kuyamwa ndi parvo, otsegula m'mimba mwa magazi ndi kusanza. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Katemera wake, wophatikiza ndi wa matenda ena oopsa a agalu otchedwa distemper, tinamuitanitsa ku Lilongwe m'bokosi lozizira, chifukwa akatenthedwa panjira amasanduka madzi chabe. Mtengo anagawana amene analankhula tiagalu. Woyamba ndinabaya pa masabata 6. Ayenera kubwerezedwa pakadutsa masabata atatu kapena anayi mpaka kagalu katakwana masabata 16, chifukwa chitetezo chochokera mu mkaka wa make chimatha kulepheretsa jakisoni woyamba kugwira.

Wa chiwewe nthawi zambiri amabayidwa pa miyezi itatu, koma kumadera ngati kwathu kuno kumene matendawa alipo, WHO imalimbikitsa kubaya ngakhale tiagalu tocheperapo. Ndinabaya tonse pa masabata 8 tisanachoke, n'kulemba pa kapepala ka kalikonse tsiku lobwereza. Kuti chiwewe chileke kuyenda m'dera pamafunika agalu 70 mwa 100 aliwonse akhale obayidwa, ndipo tiagalu timene timasiyidwa poti "n'tating'ono" ndi timene ana amasewera nato kwambiri.

Pa masabata 8, tisanu tinkalemera pakati pa makilogalamu 3.1 ndi 3.8, ndipo kakuda kanali pa 2.6, kathanzi, nkhama zofiira. Make anali atafika pa makilogalamu 14. Tatimuna tinapita tsiku lomwelo. Tatikazi tinavuta kupeza eni ake, monga zimakhalira, koma tiwiri tinatengedwa ndi achibale, ndipo kakuda kanatsala ndi mtsikana uja. Tinayi tabayidwa katemera wachiwiri wa parvo. Tiwiri tinato tinapita chaku Lizulu, kamodzi mwa ito kanawolokera tsidya la Mozambique, ndipo eni ake sanabwerenso nato. Ndatumiza uthenga kudzera kwa amalume aja.

Chatsala ndi Tilipo mwini. Galu wamkazi amafuna amuna pakadutsa miyezi 6 kapena 7, ndiye pofika October kapena November adzakweredwanso, n'kudzaswa m'dzinja, nthawi ya chinyezi ndi mphutsi za pakhungu, ndipo galu amene wadwalapo kutha kwa kashiamu amakonda kudwalanso pa bere lotsatira. Ndawalangiza opaleshoni yotseka kubereka, yomwe imachitika ku Lilongwe, kuphatikizapo ku bungwe losamalira nyama la LSPCA, ya iye ndi ya kakuda kakafika miyezi 6. Mayiwo avomera, ndipo ati ndalama ya ulendo idzachokera pa kachewere wa kudimba akakumba mu September.